Kwa eni shopu yokonza zamagetsi ku Limbe: ampu ya malume anga mwaiononga, ndikufuna K240,000 yanga

Bambo eni shopu, foni yanga munasiya kuyankha, pa WhatsApp mumangowerenga n'kukhala duu. Ndiye ndati ndikupezeni pano pomwe mumaika zithunzi za ntchito zanu n'kudzitcha akatswiri. Dzina la shopu sinditchula lero. Lero lokha.

Mwezi watha uja, mwina ndi winawo, ndinakubweretserani ampu ya gitala, Fender Deluxe Reverb ya 1966, ya mavalavu (timababu tagalasi tokuza mawu), yomwe anandisiyira malemu malume anga. Iwo anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg ndipo anaimba nayo moyo wawo wonse. Siinafe ayi. Inkalira, kungoti inkachita huuu pansipansi, ndipo ukagwira zingwe za gitala mlomo uli pa maiki unkamva kulumidwa ndi magetsi. Munanena nokha kuti ampu zoterezi mwakonzapo zambiri. Tinagwirizana K150,000 ya zipangizo ndi K90,000 ya ntchito. Ndinapereka yonse, K240,000, ndipo risiti yokhala ndi chidindo chanu ndili nayo.

Zoti musinthe ndinakulemberani papepala, kuopa kuti mawa tingadzakanganirane. Makapasita akuluakulu asanu osefa magetsi, a 16 µF 450V, ali ndi madzimadzi mkati ndipo zaka zikachuluka amauma, n'chifukwa chake ampu imachita huuu. Ndinati muike atsopano a 450V kapena 500V, poti magetsi a mkatimo amaposa 400V. Kakapasita ka bias (mbali yoika mlingo wa magetsi omwe mavalavu amakoka) nako musinthe, pamodzi ndi maresisita a 470 ohm a pa mavalavu awiri a 6V6. Waya wa mano awiri muchotse, muike wa mano atatu wokhala ndi earth, ndipo kakapasita ka pa swichi ya ground mukadule, chifukwa kakafooka kamadutsitsa magetsi mpaka pa zingwe za gitala. Pansi pake ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu: makapasita a buluu musawakhudze, mavalavu a RCA musawachotse. RCA ndi kampani ya ku America yomwe inapanga mavalavuwo.

Sabata ina munandiimbira nokha kuti yatheka, bwerani mudzatenge. Ndinadzuka usikusiku ku Zomba, ndinasiya ntchito ya munthu yomwe akanandilipira tsiku limenelo, ndinakwera minibasi. Kupita ndi kubwera K18,000, ndiye kuwonjeza K6,000 ya galimoto yomwe ndinaiuza idikire panja, chifukwa ampuyi imalemera pafupifupi makilogalamu 20, sungaiberekere pa kabaza.

Ndafika, inu mulibe. Pakauntala pali mnyamata wanu wakhala mwendo pamwamba pa mpando, maso pa foni. Ndapereka moni, zii. Ndaperekanso, wangokweza chibwano. Ndamuonetsa risiti, akuti "dikirani kaye madala, ndili bize." Anthuni, bize yake inali mpira wa pa foni, mawu a woulutsa ndimawamva ndili chiimire. Ndinaima mpaka miyendo inachita dzanzi, mpando wina uli pomwepo waikidwa mbale ya chipisi.

Atatopa ndi nkhope yanga anandilozera kumbuyo ndi mlomo. Ampu yomwe munati yatheka ili pa tebulo, matumbo onse panja, yachotsedwa m'bokosi lake, pamwamba pake pali wailesi ya galimoto ya munthu wina. Ndinaweramira kuti ndione ntchito ya K240,000.

Makapasita a buluu aja, onse adulidwa. Amenewa si amadzimadzi, sauma ngati enawo, ndipo amisiri odziwa ampu za Fender amayamba awayeza, akapeza kuti sakudontha magetsi amawasiya, chifukwa ndi mbali ya kaliridwe ka ampuyo ndiponso mtengo wake. Inu mwadula abwinowo. Nanga ofunika kusintha aja? Awiri mwasiya akale omwewo, atatu mwaika olembedwa 350V, miyendo yake ikuonekeratu kuti inazulidwa pa bolodi ya chinthu china. Kapasita ya 350V pamalo podutsa magetsi oposa 400V! Zikomo kwambiri akatswiri. Waya ndi womwewo wa mano awiri. Fyuzi mwaikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, kutanthauza kuti chinachake chikapsa mkatimo palibe chodula magetsi, thiransifoma ndiyo idzapse m'malo mwa fyuzi. Mavalavu a RCA palibe. M'malo mwake muli ena opanda dzina, galasi lake lachita mbuu.

Mnyamata uja anati "mukudandaula chiyani, ikulira iyi," n'kuiyatsa. Huuu uja wakula kuposa kale. Posakhalitsa chitsulo cha mkati mwa valavu imodzi ya 6V6 chinayamba kufiira ngati khala la pa mbaula. Ndinazimitsa ndekha msangamsanga. Ndinamufunsa ngati munayeza bias mutasintha mavalavu, poti aliyense wogwira ampu zoterezi amadziwa kuti osatero valavu imakoka magetsi ochuluka mpaka kudzipsereza yokha. Anandiseka. Kuseka kwenikweni, mpaka kuitana mnzake wa shopu yoyandikana kuti adzaone.

Mawu ake ndiwalemba mmene anawanenera, anthu amve mmene mumalandirira makasitomala: "Madala, chinthu cha nthawi ya Kamuzu ichi mukuvutikiranji nacho? Kagulani sipika ya Bluetooth mupume. Ngati simukufuna nyamulani zinyalala zanuzi, malo akutithera."

Zinyalala. Inde ndi ya nthawi ya Kamuzu, inapangidwa chaka chomwe Malawi inakhala Republic, ndipo yakhala ikulira zaka zonsezi mpaka inakumana ndi shopu yanu. Mwana amene ndingamubereke, wadya ndalama yanga, n'kundinena pamaso pa anthu kuti ndinyamule zinyalala. Nditafunsa za mavalavu anga anati mwina anataya, mwina abwana akudziwa. Anataya! Mavalavu a RCA anasiya kupangidwa kalekale, atsopano masiku ano amachokera ku Slovakia, Russia ndi China, ndipo akale a ku America amagulidwa modula. Mukufuna ndikhulupirire kuti pa shopu yosunga ngakhale sikuluu ya dzimbiri, chomwe chinatayidwa ndi chokhacho chamtengo?

Ampu ndinaisiya pompo. Sindikananyamula chinthu chotsegula chokhala ndi makapasita omwe amasunga magetsi okwanira kupha munthu ngakhale utazula pulagi. Wagalimoto ndinamulipira K6,000 yake chifukwa chondidikira pachabe. Ndinabwerera ku Zomba chimanjamanja, ndipo Lamlungu lake kutchalitchi ndinaimba ndi ampu yobwereka.

Abale anga oimba m'matchalitchi ndi m'mabandi, inu amene mukuwerenga, ndiuzeni ngati ndikulakwa. Kodi munthu wolipira ndalama zonse ntchito isanayambe amayenera kulandiridwa chonchi? Ndipo amene mwagulitsidwa mavalavu a 6V6 kapena 12AX7 olembedwa RCA cha ku Limbe masabata apitawa, chonde ndilembereni ku inbox. Sindikangana nanu, ndikungofuna kudziwa amene anakugulitsani.

Tsopano inu bambo, mverani. Ndikufuna K240,000 yanga yonse, kuphatikizapo K24,000 ya ulendo womwe munandiyendetsa pachabe, zonse K264,000. Ndikufuna mavalavu anga a RCA, ndi makapasita a buluu omwe munadula, ngakhale miyendo yake yafupika, mundiikire m'kapepala. Ampu musaikhudzenso, musaiyatsenso, muibwezere m'bokosi lake basi. Mnyamata wanuyo apepese pamaso panga, osati kudzera mwa inu.

Ndikupatsani mpaka Loweruka likudzali. Likadutsa, dzina la shopu, zithunzi za fyuzi ya pepala la ndudu ndi risiti yanu ndiziika pano ndi m'magulu onse a oimba omwe ndilimo. Lolemba lake ndikadandaula ku Competition and Fair Trading Commission ndi ku CAMA, bungwe loimira ogula, ndipo nkhani ya mavalavu osowa ndikaitula kupolisi ya Limbe ngati yakuba, chifukwa ndi yakuba. Mukafufuta uthengawu ndiuikanso. Nambala yanga ili pa kope la risiti lomwe munatsala nalo.