Mawaya achisawawa ndi ma LED bar pa ma 4x4 atipweteka kuno ku Mangochi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba lanu la makalata ndiyankhulepo za fashoni yomwe yakula kuno kwathu yowonjezera zida pa magalimoto a 4x4. Ine ndine mmisiri wa mawaya a galimoto pano pa boma, ndiye zambiri zomwe ndilembe apa zimadutsa mmanja mwangamu.

Ndinene kaye kuti zida zimenezi sindikudana nazo ayi. Aliyense amene anayendapo msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja, kudutsa ku Malindi ndi Lungwena mitsinje itadzadza, akudziwa kuti winchi, makina aja a chingwe okokera galimoto ikatitimira, si yonyadira chabe. Matayala a mano akuluakulu, snorkel (paipi yokwera mmwamba yolowetsa mpweya mu injini), batire yachiwiri, zonsezi zili ndi ntchito kwa dalaivala wa ambulansi, wa mabungwe, wa geni ya nsomba, ngakhale amene amanyamula alendo kupita ku Cape Maclear. Mvula ikabwera ngati ija ya Freddy mu Malichi 2023 galimoto yotere ndi imene imafika komwe ena alephera. Vuto langa ndi kaikidwe kake, makamaka mbali ya magetsi, chifukwa anthu akuwononga ndalama zambiri pogula chipangizo koma akafika pa waya ndi fyuzi ndi pomwe akufuna kupulumutsa.

Hilux ina inabwera pa galaja pathu ikununkha pulasitiki wopsa. Mwini wake anali atagula LED bar yayitali (nyali ija yowala kwambiri yomanga pa denga kapena pa bampala), masipotilaiti awiri ndi inveta (yosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa mnyumba), nkupatsa mnyamata wina kuti amumangire pa mtengo wozizira. Titatsegula boneti tinapeza kuti waya wake ndi uja wa masipika a wayilesi, walumikizidwa pa batire mwachindunji, palibe fyuzi palibe rileyi, molumikiza mwake angopotokola ndi zala nkukulunga ndi kachidutswa ka jumbo. Ndiye wayayo amudutsitsa pa kabowo ka chitsulo kolowera mkati opanda ka rabala kotchinga, ndipo ndi kugwedezeka kwa misewu yathuyi chitsulo chinali chitadya kale chikopa cha waya mpaka mkuwa kuonekera. Kuseri kwa dashibodi mawaya ena asanu anali atasungunuka nkumatirirana pamodzi. Munthuyo amayenda ndi ana ake mgalimoto imeneyo.

Masamu ake si ovuta, abale. Mawati mukagawa ndi mavoti mumapeza ma amp omwe chinthucho chikukoka. Nyali ya 120 watts pa galimoto ya 12 volts ikoka ma amp 10. Inveta ya 1000 watts mukaigwiritsa ntchito mokwanira ikoka kupitirira ma amp 80, ndipo winchi ikamakoka galimoto yotitimira mmatope imatha kufika 300 mpaka 400. Tsono moto wonsewo kuudutsitsa pa kawaya ka sipika kuli ngati kufuna madzi a mu Shire adutse mu paipi ya pa mpopi. Waya amatentha, chikopa chimasungunuka, ukakhudza chitsulo ndi shoti, ndipo popanda fyuzi palibe chodula motowo, batire imangopitiriza kupereka mpaka galimoto itayaka. Onjezerani kutentha kwa kuno mu Okutobala pansi pa boneti pali kale ngati mu uvuni wa njerwa za moto.

Fyuzi imateteza waya, ndiye malo ake ndi pafupi penipeni ndi batire, osati kumapeto uko pafupi ndi nyali. Ndipo ikamapsa kawirikawiri ndiye kuti ikukuuzani kuti penapake pali vuto. Koma anthu ikapsa amangoika yayikulu, ena mpaka kukulunga pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya kapena kulowetsa kachingwe ka mkuwa. Zimenezi ndimazipeza pafupipafupi ndipo zimandiwawa mtima. Rileyi nayo si yokwera mtengo, ntchito yake ndi yoti moto wambiri uyende njira yaifupi kuchoka pa batire kupita ku nyali, ku swichi ya mkati kuzingopita kamoto kochepa. Popanda rileyi swichi ija imatentha pansi pa dzanja lanu lomwe.

Palinso china chomwe ambiri sadziwa pogula magalimoto akale ochokera ku Japan. Ma Land Cruiser ena a dizilo ndi ma Nissan Safari ena ndi a 24 volts, mabatire awiri olumikizana motsatana. Munthu akufuna kuika wayilesi kapena filiji ya 12 volts ndiye amangotapa pa batire imodzi mwa awiriwo. Poyamba zimayaka bwinobwino munthu nkumasangalala, koma batire imodzi ikutha mphamvu pomwe inzake ikuchajidwa mopyola, pakapita miyezi ingapo onse awiri afa, ndiye mwaona mtengo wa batire masiku ano. Pamafunika ka converter kotsitsa 24 kufika 12, basi.

Za batire yachiwiri, amene mumagona ku nyanja ndi filiji kumbuyo, musangolumikiza mabatire awiri ndi waya nkumati zatheka. Pakati pake pazikhala isolator kapena DC-DC charger, tizipangizo tolekanitsa mabatire awiriwo, kuti injini ikazima filiji izidya batire yachiwiri yokha, yolizira injini isakhudzidwe. Apo ayi mmawa mudzadzuka ku Chembe kapena ku Nkopola galimoto ikungoti kete kete, nkumafuna anyamata okankha Cruiser pa mchenga. Komanso funsani kaye alternator yanu, ija imachaja batire, imatulutsa zingati, chifukwa zambiri za magalimoto akalewa zili cha mma 70 kapena 80 amps, ndipo nyali, fani ndi AC zatenga kale gawo lake. Pokoka ndi winchi injini izikhala ikulira, ndipo muzipumira, osangopanikiza batani mpaka mota itanunkha.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi ma LED bar usiku. Akonzi, yendani pa M10 kuchoka pa boma kulowera ku Monkey Bay dzuwa litalowa muone nokha. Msewu umenewu si wa magalimoto okha, muli akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto, amayi ochokera ku msika ndi mabeseni pamutu, ana, mbuzi, ng'ombe. Ndiye kutsogolo kukubwera 4x4 itayatsa bar ya pa denga ndi ina ya pa bampala, iwe kumuphethirira kuti adime iye osadima. Kwa masekondi angapo suona kalikonse, ndipo pa sipidi ya 80 galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Wakabaza amene ali kumbali kwako atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo umamuona utamufika kale. Wakabazayo naye wachititsidwa khungu, sakuona pomwe tala wathera.

Nyali zimenezi anazipangira kutchire komwe kulibe wobwera kutsogolo. Kuwala kwake kumangomwazika paliponse, sikuli ngati nyali za galimoto zomwe mukadima zimaloza pansi. Kamangidwe koyenera nkoti bar ikhale ndi swichi yakeyake komanso idutse pa ma full, kuti dalaivala akangodima nayo izizima yokha nthawi yomweyo. Ndi ntchito ya rileyi imodzi ndi kawaya kamodzi. Koma makasitomala ena ukawauza amakana, ati akufuna iziyaka nthawi iliyonse yomwe afuna, ngakhale pakati pa tauni pa mlatho wa Bakili Muluzi pomwe anthu ali piringupiringu. Ine amene wakana zimenezi ndimamubweza, akamangitse kwina.

Mabulubala nawonso, aja a kutsogolo kwa galimoto owotcherera ndi mapaipi a chitsulo chokhuthala. Ndikumvetsa, ng'ombe ikalowa mu msewu rediyeta imapulumuka. Koma chitsulo chomwecho chikagunda munthu sichipindika ngati bampala wamba, mphamvu yonse imathera pa thupi lake, nchifukwa chake maiko a ku Ulaya anaika malamulo okhwima pa zitsulo zotere pofuna kuteteza oyenda pansi. Pa magalimoto atsopano okhala ndi ma airbag, bulubala yongowotcherera pa chesisi imathanso kusokoneza nthawi yomwe airbag ikuyenera kuphulika.

Zina ndingodutsamo. Mukachoka pa matayala a 31 inchi kupita pa 33, sipido ikamaonetsa 80 mukhala muli cha pa 85, ndipo mabuleki akugwira ntchito yoposa yomwe anawapangira. Mukakweza galimoto nkusanjikanso katundu pa denga, samalani pa makona otsika phiri kuchokera ku Namwera chifukwa galimoto yotere sichedwa kupendama. Snorkel imateteza mpweya wolowa mu injini basi, madzi amalowabe mu ma diff (magiya a pakati pa matayala) ndi mu giyabokosi kudzera mma breather, timabowo topumira mpweya, ngati simunawakweze, mukaona oyilo wasanduka ngati mkaka dziwani kuti ndi zimenezo.

Pempho langa kwa a Road Traffic ndi loti poyeza galimoto za COF azionanso nyali zowonjezerazi, ayatse ma full, adime, aone ngati bar ikuzima, atsegulenso boneti aone ngati pali fyuzi pafupi ndi batire. Sizitenga mphindi ziwiri. A TEVETA nawo atiganizire ndi maphunziro afupiafupi a mawaya kwa anyamata a mmagalaja kuno, chifukwa ambiri luso ali nalo ndithu koma anaphunzira poonera ndipo palibe anawauzapo za kukula kwa waya. Ndipo eni magalimoto, musanalipire muuzeni mmisiri akulozereni pomwe waika fyuzi ndi rileyi muone ndi maso anu.

Ine wanu,
Mmisiri wa mawaya a galimoto,
Mangochi Boma