Za manambala a osewera aja

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako inandipeza Lachiwiri madzulo, ndipo ndaiwerenga kangapo. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chinakusiya. Kuno tadzuka bwino tonse. Mlongo wanga uja anachira sabata yatha, mwana wamkazi, onse awiri ali bwino, ndipo alamu akuti ndikupatse moni. Za ukwati wa msuweni wako ndikuuza m'munsimu pepala likatsalako. Chimene chandikhazika pansi usiku uno ndi funso lako lomaliza lija, loti kodi gemu yathu ya vidiyo ya hockey ya pa ayisi ndimaigwirabe. Ndimaigwira, aise. Kungoti masabata atatu apitawa ndathera nthawi yambiri pa tsamba losinthira manambala oyezera luso la osewera kusiyana ndi pa ayisi.

Ukukumbuka zimene tinkadandaula tikamasewera? Tinkati osewera onse ali ngati ana a mimba imodzi. Mu NHL yeniyeni, ligi yaikulu ya hockey ya ku America ndi Canada, timu imabwera ndi anthu 20 pa masewero: akutsogolo 12, otchinga kumbuyo 6 ndi magoloboyi awiri. Akutsogolowo amagawidwa m'mizere inayi, ndipo a mzere wachinayi kawirikawiri amangolowa mphindi ngati 10 mwa mphindi 60. Kochi amadziwa chifukwa chake. Tsono mu gemumu munthu wa mzere wachinayi yemweyo amathamangitsa Connor McDavid, katswiri wa timu ya Edmonton, mpaka kumupeza, n'kumulanda puck (kampira kophwatalala ka hockey), n'kukamwetsa chigoli chokongola ngati wabadwa nazo. Ine zinkandiwawa. Iwenso zinkakuwawa, ngakhale unkaseka ukandigonjetsa nazo.

Pamene pagona vuto ndapaona. Manambala amafika 99, koma pafupifupi onse a mu ligi anaunjikidwa kumtunda mothinana, moti katswiri ndi munthu wamba amasiyana pang'ono zedi pa liwiro, pa kupatsira ndi pa kusunga puck ku ndodo. Poyamba ndinkakweza akatswiri. Sizinathandize, chifukwa ukangokweza pang'ono wagunda kale 99. Ntchito yeniyeni ndi yotsitsa enawo. Taganiza, mu nyengo ya 2022-23 McDavid anamwetsa zigoli 64, napatsira zina 89, mapointi onse pamodzi 153. Wachiwiri mu ligi yonse anali mnzake wa ku Edmonton komweko, Leon Draisaitl, ndi mapointi 128. Ngati wachiwiri anasiyidwa ndi 25, nanga wa mzere wachinayi ali kuti? Mpata umenewo uyenera kumveka m'zala ukagwira controller.

Ndiye ndinagula kope, ndikuyenda timu imodziimodzi, onse 32. Wa mzere wachinayi sindimutsitsa paliponse ayi, kumeneko kungakhale kumulakwira. Mphamvu, kugunda ndi thupi, kutchinga shoti, zimenezo ndimamusiyira, mwinanso kumuwonjezera, chifukwa ndi zimene amadyera. Ndimamuchotsera luso lodyetsa njomba ndi lopatsira patali. Tsopano ukamugwira umadziwa wekha kuti ntchito yako ndi kuponya puck kukona, kuithamangira, n'kutopetsa adani mpaka akuluakulu apume.

Kunena za kupuma, apa ndiye ukanalira, mnzanga. Ndatsitsa endurance, nambala ya kupirira osatopa, ya aliyense. Mu hockey yeniyeni munthu amakhala pa ayisi masekondi 45 kapena pamenepo, n'kutuluka, wina n'kulowa. Iwe unkasankha Edmonton tsiku lililonse, McDavid wako osamutulutsa chigawo chonse, kumangotsetsereka naye m'mphepete mwa bwalo uku ukundiuza kuti ndi nzeru zako. Nzeru zake ziti? Bwera udzayese tsopano. Pakangotha mphindi imodzi miyendo yake imalemera, ndipo wotchinga kumbuyo aliyense amamupeza. Batani losinthira mzere lija, limene sunkalidziwa n'komwe kuti lili pati, udzaliphunzira.

Ndikasintha, ndimaisiya kompyuta isewere yokha nyengo yathunthu, kenako ndimafanizira ndi zenizeni. Timu ya NHL imawombera pagolo cha m'ma 30 pa masewero amodzi, zigoli n'kukhala zitatu kapena pamenepo. Goloboyi wamba amagwira mashoti 9 mwa 10 alionse. Linus Ullmark, amene anali goloboyi wa Boston, chaka chimene timuyo inapambana masewero 65, anafika .938, kutanthauza kuti pa mashoti 100 ankalowetsa 6 okha pamene mnzake wamba amalowetsa ngati 10. Waona kuchepa kwa mpatawo? N'chifukwa chake magoloboyi safuna dzanja lolemera. Tsiku lina ndinawatsitsa rebound control, luso losalola puck kubwerera kwa adani akaitchinga, mofanana ndi m'mene ndinatsitsira akutsogolo, masewero n'kumatha 8-7, 9-6. Ndinabweza usiku womwewo. Faceoff, kulimbirana puck woweruza akaiponya pakati pa osewera awiri, nayonso chimodzimodzi. Ngakhale Patrice Bergeron, amene anali katakwe pamenepo, ankapambana pafupifupi 6 mwa 10 basi.

Msuweni wako anabwera Loweruka, akuti bwanji osangokoka ma slider, timizere tosinthira kaseweredwe ka gemu yonse, n'kuthana nazo. Ndinamuuza kuti slider imagwira onse nthawi imodzi, ukachepetsa liwiro wachepetsera McDavid yemwe. Anasewera masewero awiri, n'kunena kuti sakuona kusiyana kulikonse. Zinandikhumudwitsa kwambiri, mpaka sindinamuperekeze.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi Alex Ovechkin. Unaonera pa 6 April 2025 paja, pamene anamwetsa chigoli chake cha 895 pa New York Islanders, n'kupitirira 894 za Wayne Gretzky, amene anali ndi zigoli zambiri kuposa onse mu NHL? Munthu ali ndi zaka 39 panthawiyo. Anawombera ali kumanzere, cha pa bwalo la faceoff lija anthu amalitcha ofesi yake, adani ali operewera munthu mmodzi. Dziko lonse limadziwa kuti aima pamenepo, magoloboyi amadziwa, makochi amadziwa, koma puck imalowabe. Ndiye ndiuze, munthu wotere ndimulembe nambala yanji?

Ndinamutsitsa liwiro, poti zoona zake miyendo si ija ya kale. Mphamvu ya shoti ndi kulunjika kwake ndinazisiya kumwamba. Ndinaganiza kuti ndatha. Nyengo itasewereka ndinapeza zigoli zake zagwa pansi, chifukwa kompyuta imagoletsa ndi anthu othamanga, wochedwa imamuiwala. Komanso liwiro litatsika overall yake, nambala yophatikiza maluso onse, inatsika, kochi wa kompyuta n'kumuika mzere wachitatu. Ovechkin mzere wachitatu! Ndinakweza offensive awareness, nzeru za poukira, mpaka 99 kuti mwina azidziwa poima. M'malo moima, anayamba kuzungulirazungulira n'kumapatsira anzake ngati munthu wopanda shoti. Ndinabweza liwiro, zigoli zinabwerera, koma amene akuthamanga pa ayisipo ndi mnyamata wa zaka 25 wovala nambala 8, si iyeyo ayi.

Ndayesa kasanu ndi kawiri. Tsamba lake m'kopemu ladzaza zofufuta mpaka labooka. Pa manambala onse aja palibe imodzi yonena kuti munthu uyu amadziwa kudikira. Palibe yonena kuti anzake amamufunafuna ndi maso asanapatsire wina aliyense. Ndimagona ndikuwerengera, 82 kapena 84, ndikadzuka m'mawa nambala ija ili m'mutu. Dzana ndinafika poganiza kuti ngati Ovechkin sakutheka ndiye kuti kope lonseli ndi lopanda ntchito, chifukwa timu iliyonse ili ndi wake wotere, wochedwa miyendo koma wochenjera, ndipo mwina onsewo ndawapha ndi dzanja langa osadziwa. Ndinatsegulanso matimu 11 amene ndinali nditamaliza.

Ndipo ngati zimenezo sizikukwana, mphwanga anabwera Lamulungu ine kulibe, n'kusewera, n'kusunga zake pamwamba pa fayilo yanga. Matimu 6 anapita. Mwayi wake zinali m'kope, koma kulowetsanso manambala a munthu mmodzimmodzi, aliyense ali ndi manambala opitirira 20, ndi ntchito ya mausiku atatu. Sindinamukalipire, ndi mwana, ndipo anapepesa misozi ili m'maso. Tsopano ndimasunga mafayilo awiri. Kandodo ka kumanzere ka controller yako ija nakonso kayamba kukokera mbali kokha, moti ndikafuna 78 kamandipititsa pa 74. Ndiyako ndithu, ija unaimata tepi. Sindinaitaye ndipo sindiitaya.

Ndikuuze zoona, mnzanga. Kompyuta sitsutsa. Ndikaika nambala yolakwika imangovomera, n'kusewera nayo nyengo yonse. Iwe ukanakhala pampando uwu ukanandilanda controller, n'kunena kuti wotchinga kumbuyo uyu wamunamizira, sachedwa chonchi, tikanakangana mpaka pakati pa usiku, ndipo nambala yoona ikanatuluka pa mkanganopo. Lachisanu ndinasewera masewero amene anatha 3-2, mashoti 31 kwa 28, chigoli chopambanira chinalowa puck itagunda mwendo wa munthu pakhomo pa golo, monga zimakhalira zenizeni. Ndi zimene ndakhala ndikufuna masabata onsewa. Ndinatembenuka kuti ndikuuze, mpando uli wokhawokha. Ndinazimitsa osaonera n'komwe kubwereza kwa chigolicho.

Ukayankha undilembere nambala yako ya liwiro la Ovechkin, ndi chifukwa chake, usangoti 85 n'kuthawa monga umachitira. Undiuzenso ngati kumeneko uli ndi makina osewerera, chifukwa fayiloyi itha kutumizika, ndipo tikagwirizana nthawi tikhoza kukumana pa intaneti ngakhale mawotchi athu akusiyana. Edmonton ndikupatsa, sindikukaniza. Za ukwati zija pepala latha, ndikulemba m'mphepete tsopano, dzanja nalonso lauma. Koma pali chinanso chimene ndangochiganiza, bwanji liwiro ndilisiye pansi koma acceleration, kunyamuka mwachangu, ndiikweze, kuti masitepe awiri oyamba okhawo akhale achangu, kenako