Ng'ona zija umati angozitha

Aise,

Uli bwanji kumeneko? Ine ndilipo, kungoti ntchito yandipanikiza ndie ma meseji ako ndimangowaona n'kumati ndiyankha madzulo, madzulo akafika tulo. Usandiyese wonyada. Vidiyo ija unatumiza ya ng'ona ikukokera nyumbu m'madzi ndaionera mwina kanayi, koma chomwe chandilembetsa kalata yonseyi ndi mawu ako apansi paja, oti zilombo zimenezi angozitha basi dziko lipume. Kkkk ndinaseka, kenako zinandikhala pamtima, chifukwa miyezi yapitayi ndakhala ndikuwerenga za ng'ona ngati munthu wopanda chochita ndipo pali kang'ona kena kamene kakutha ndithu chifukwa cha maganizo ngati akowo.

Uyambe wadziwa kuti ng'ona si buluzi wamkulu ayi, olo ng'anzi si m'bale wake weniweni. Pa zamoyo zonse zomwe zilipo lero, wachibale wapafupi wa ng'ona ndi mbalame. Eetu, nkhuku. Zaka pafupifupi 250 miliyoni zapitazo kunali gulu la nyama lomwe asayansi amalitcha archosaur, linagawikana pawiri, nthambi ina n'kupita kukatulutsa ma dinosaur ndi mbalame, inayo ndi imene inabala ng'ona. Ndipo makolo oyambirirawo sanali a m'madzi, anali tinyama tochepa thupi ta miyendo italiitali tothamanga pamtunda, zolowa m'madzizi zinabwera pambuyo. Ukazimva chonchi zambiri zimayamba kugwirizana, mtima wa zipinda zinayi ngati wa mbalame, kumanga chisa, kumeza miyala, ana kulira ali m'dzira. Pakati apo panadutsa zimphona, ku Niger anafukula mafupa a Sarcosuchus yomwe inkatalika mamita 9 kapena kuposerapo. Chimwala chija chitagwa kuchokera kumwamba zaka 66 miliyoni zapitazo ma dinosaur akuluakulu onse anatha psiti, koma ng'ona zina zinapulumuka, ndipo chimodzi chimene chinazithandiza n'choti thupi lawo silifuna chakudya chambiri, ng'ona yaikulu imatha miyezi osadya ili phee.

Lero mitundu yake ndi yopitirira 20 ndipo simakhala mofanana. Pali ma alligator a ku America ndi ku China, ma caiman a ku South America, gharial ya ku India ndi Nepal ija ya kukamwa kowonda ngati ndodo yomwe imadya makamaka nsomba, kenako ng'ona zenizeni. Ukafuna kusiyanitsa yang'ana ikatseka pakamwa, ng'ona yeniyeni dzino lachinayi lam'munsi limaonekera panja ngati ikumwetulira mwachinyengo, la alligator limabisika. Ng'ona zenizeni zili ndi tizigawo pa lilime totulutsira mchere, n'chifukwa chake zina zimatha kulowa m'nyanja yamchere n'kuoloka kupita zilumba zakutali. Ya mu vidiyo yako ija ndi ya mtundu wa Nile, ndipo iyoyo ndi ina ya m'madzi amchere ya ku Asia ndi Australia ndi zomwe zimapha anthu ambiri, apa sindikutsutsa, n'zoopsadi.

Koma ndimafuna ndikuuze za ku Philippines. Dziko limenelo lili ndi mitundu iwiri. Woyamba ndi wa m'madzi amcherewo, chimphona. Mwina unamvapo za Lolong, anaigwira ku Bunawan mu 2011, mamita 6.17, inafa mu 2013 ili m'khola. Wachiwiri ndi kang'ona ka m'madzi opanda mchere, Crocodylus mindorensis, komwe sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Wasayansi wina dzina lake Karl Schmidt ndi amene anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1935, dzinalo likuchokera ku chilumba cha Mindoro. Ikakula kwambiri imangofika mamita atatu, zambiri sizifika n'komwe pamenepo, khungu lake lofiirira ngati golide likamakalamba limada. Imakhala m'timitsinje, m'madambo ndi m'maiwe, chakudya chake nsomba, makoswe, nkhanu, ndi nkhono zimene zimaononga mpunga m'minda ya alimi. Ikaona munthu imathawa. Koma m'chiyankhulo chawo zonse ziwiri ndi buwaya basi, ndipo mawu omwewo ndi amene amatukwanira wandale wakuba kapena wapolisi wokonda ziphuphu, ndie tangoganiza kukhala ndi dzina lotero. Munthu akakaona mu mtsinje sayamba wafunsa kuti ndiwe mtundu uti, amangotenga chikwanje.

Chinayamba ndi alenje a zikopa omwe anazipha zambirimbiri zaka za m'ma 1900. Kenako madambo anawasandutsa minda ya mpunga, nkhalango za m'mbali mwa mitsinje n'kugwetsedwa, ndie mvula yamkuntho ikabwera madzi amasefukira n'kukokolola zisa. Kuonjezera apo asodzi ena amapha nsomba ndi mabomba kapena ndi magetsi a batire, ena maukonde omwe ng'ona ikakodwamo imamira poti imapuma mpweya ngati ife tomwe. Mu 1996 bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linaiika pa gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu, ndipo zikuluzikulu zomwe zatsala m'tchire sizikwana 250. Dziko lonse, aise. Anthu a mu holo imodzi ya ukwati amaposa pamenepo.

Pa chilumba cha Luzon anthu ankayesa kuti zinatha kalekale, mpaka mu 1999 pomwe kamwana ka ng'ona kanapezeka ku San Mariano m'chigawo cha Isabela. Apa ndi pomwe nkhaniyi imandisangalatsa. Boma linali litayamba kale kuweta ng'ona ku Palawan kuyambira 1987, ndipo mu 2001 linakhazikitsa lamulo la Republic Act 9147 loti wopha nyama yotereyi akhoza kukhala m'ndende zaka zosachepera 6 kapena kulipira ma peso osachepera 100,000. Koma lamulo lili papepala ku Manila, mlimi ali kumudzi ndi bakha wake yemwe wagwidwa usiku, ukuganiza amvera ndani? Anthu omwe anayambitsa Mabuwaya Foundation mu 2003 anaona zimenezo. Dzinalo analumikiza mabuhay ndi buwaya, ngati kunena kuti ng'ona ikhale ndi moyo. M'malo momanga mpanda n'kuthamangitsa anthu, anapita kwa alimi ndi asodzi omwewo, misonkhano m'midzi, zisudzo za zidole m'masukulu, makalendala, mpaka midzi inavomera yokha kupatula mbali zina za mitsinje ngati Disulap kuti zikhale za ng'ona, anthu a m'mudzi momwemo n'kukhala alonda ake. Usodzi wa mabomba ndi magetsi utaletsedwa m'malo amenewo asodzi nawonso anapindula poti nsomba zinapeza poswanirana.

China chomwe amachita ndi kulera ana. Kamwana ka ng'ona kakangoswa kamakhala kotalika ngati sipuni yaikulu, chilichonse chimakadya, mbalame, ng'anzi, nsomba zazikulu, ndipo ambiri safika chaka. Ndie amatola anawo akangoswa, kuwasunga chaka ndi miyezi ingapo mpaka atakula moti adani ambiri sangawathe, kenako kuwabwezera ku mtsinje. Cha m'ma 2000 ku San Mariano zinkadziwika 12 zokha, pofika 2012 zinali pafupifupi 100. Si zambiri, ndikudziwa, ndipo ndikanama ndikati zavuta zatha, ziweto zimagwidwabe apo ndi apo ndipo ena amaphabe mobisa. Koma kuchoka pa 12 si masewera. Mayi wina wa bungweli, Marites Gatan-Balbas, analandira mphoto ya Whitley, ya anthu oteteza zachilengedwe, ku London mu 2014 chifukwa cha ntchitoyi.

Pali vidiyo ina ndikufuna uione m'malo mwa ya nyumbu ija, ya ng'ona yaikazi pa chisa. Mazira amakhala m'chisa pafupifupi miyezi itatu mayi ali pafupi kulondera. Nthawi ikakwana ana amayamba kulira ali m'kati mwa dzira, kaphokoso kakang'ono ngati ka chidole chofinya, mayiyo akamva amabwera n'kufukula ndi miyendo yakutsogolo. Ndie amawatola mmodzimmodzi ndi kukamwa komwe kuja kothyola fupa la nyumbu, tiana tili mbuu kusuzumira pakati pa mano, ulendo kumadzi. Dzira lomwe likuchedwa amaliika pa lilime n'kumaligubuduza pang'onopang'ono mpaka chikamba chisweke osavulaza mwana. Ndinabwereza pamenepo kangapo. Komanso eti kukhala yaimuna kapena yaikazi zimatengera kutentha kwa chisa, pa madigiri 32 kapena 33 pamatuluka amuna ambiri, kukazizirako kapena kutentha kuposa apo ndi akazi. Ndie ukadula mitengo yomwe imapereka mthunzi pa chisa, wasokoneza kale za m'badwo wotsatira iwe osadziwa.

Ndikudziwa uyankha kuti n'zosavuta kukonda ng'ona uli pa foni, ndipo munthu amene m'bale wake anagwidwa sungamuuze za kukamwa kofewa kwa mayi ng'ona. Zoona, ineyo sindingayerekeze. Changa n'choti ya ku Philippines yaing'onoyi ikufera milandu ya msuweni wake, ndipo mawu oti angozitha aja akagwira ntchito imayamba kutha ndi iyoyo, zimphona zija zikadali mbwee ku Australia.

Unanena kuti kumeneko kuli malo osungirako nyama pafupi ndi komwe ukukhala. Ukapita ukaone dzino lachinayi lija, undijambulire, tione ngati ndi ng'ona kapena alligator. Upereke moni kwa alamu ndi ana, uwauze kuti nkhuku ndi msuweni wa ng'ona uone nkhope zawo.

Ndine mnzako uja wa kalekale.