Lipoti la msonkhano wa umoyo wa amayi osiya kusamba

Amayi anzanga a gulu lathu loyenda m'mawa, ndabwerako kumsonkhano wa anamwino ndi madokotala kumene munandituma. Funso lanu ndinalifunsa monga munandiuzira: kodi mankhwala a esitirojeni (homoni imene thupi la mayi limapanga) angathandize mtima wathu kuti tisamachite wefuwefu pachitunda?

Dokotala wa mtima anati esitirojeni imathandiza mitsempha ya magazi kufutukuka pamene minofu ikufuna magazi ambiri. Mayi akasiya kusamba, esitirojeni imachepa, mitsempha imayamba kuuma, ndipo BP imakwera msanga akamayenda ndawala kapena kulima. Mtima umapopa magazi m'njira yothina. Anatchula kafukufuku wa ku Colorado wa 2013, pomwe amayi osiya kusamba ankayenda ndawala kwa milungu ingapo. Mitsempha inayamba kufutukuka bwino mwa amene ankalandiranso esitirojeni, koma mwa enawo sipanaoneke kusintha kwenikweni. Apa m'holo munamveka manong'onong'o, ine ndemwe ndinasangalala.

Kenako anatibweza ku 2002. Kafukufuku wa Women's Health Initiative ku America, wa amayi oposa 16,000, anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa amene ankamwa esitirojeni pamodzi ndi mankhwala ena a mahomoni otchedwa progestin ankadwala kwambiri sitiroko, kuundana kwa magazi ndi khansa ya m'mawere. Ambiri mwa iwo anali opitirira zaka 60. Kafukufuku wina, ELITE, wa 2016, anapeza kuti mitsempha imapindula mayi akayamba mankhwalawa pasanathe zaka 6 chisiyireni kusamba, pomwe kwa amene papita zaka 10 phindu silinaoneke.

Ine pamenepa ndi pomwe ndikukupemphani mumvetsetse. Mankhwalawa amaperekedwa kwa mayi amene akuvutika ndi kutentha thupi mwadzidzidzi, thukuta la usiku ndi kusowa tulo. Si mankhwala oteteza mtima, ndipo musagule nokha kufamase chifukwa mnzanu akumwa. Mayi amene chiberekero chake chilipo sapatsidwa esitirojeni yokha, chifukwa imatha kuyambitsa khansa ya m'chiberekero.

Za kuyenda, dokotala uja anati tisaleke: mphindi 150 pa sabata, mothamangirako moti thukuta lituluke koma n'kumatha kuyankhulana. Amene akumva kufinya pachifuwa kapena chizungulire poyenda aime, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndikupempha komiti kuti tisonkhe ndalama tigule kamakina koyezera BP, tiziyezana Loweruka tisananyamuke.