Lipoti la msonkhano wa ntchito ya maodita, kwa komiti yathu ya chuma

A Wapampando, a Msungichuma ndi mamembala anzanga,

Ndabwerako kumene munandituma. Malisiti a mayendedwe ndi malo ogona ali kale kwa a Mlembi, ndipo amene munaona ngati alawansi ya ulendowu ndi ndalama yongotaya, ndikupempha muwerenge mpaka kumapeto musanagamule.

Tsiku lotsegulira linatha ndi malonje. Gawo la mapulogalamu a kompyuta linali la otsatsa malonda, ndipo la misonkho linangobwereza zimene tikuzidziwa kale. Chimene chinandigwira mtima ndi zokambirana za momwe odita amasankhira zoti aone ndi zoti asiye, chifukwa apa ndi pamene ife takhala tikudzinamiza.

Odita sawerenga lisiti lililonse. Asanayambe ntchito amadziikira mulingo: cholakwika chikule kufika pati kuti chisinthe maganizo a banki, mwini masheya kapena wokongoza katundu amene akuwerenga malipoti a chuma? Lamulo la ntchito yawo, ISA 320, silitchula nambala. Amasankha yekha. Ambiri amatenga 5 peresenti ya phindu msonkho usanachotsedwe, ndipo phindu likakhala losakhazikika amatenga pakati pa 0.5 ndi 1 peresenti ya ndalama zonse zolowa. Tiyerekeze kampani yapindula 200 miliyoni. Mulingo ndi 10 miliyoni. Pogwira ntchito amautsitsa, kawirikawiri kufika pa theka kapena magawo atatu mwa anayi, kuopa kuti tizolakwika tating'ono tingaunjikane n'kupitirira malire. Zochepera pafupifupi 500,000 sazilemba n'komwe. Ndiye onani: kalaliki amene akusolola 300,000 mwezi uliwonse watenga 3.6 miliyoni pachaka, koma malipoti angathe kusainidwa kuti ali bwino, odita osalakwa kanthu. Siginecha yake ikunena kuti malipoti alibe cholakwika chachikulu. Sikunena kuti palibe wakuba.

Koma kukula kwa ndalama si zonse. Cholakwika chaching'ono chimene chikusandutsa kuluza kukhala phindu, kapena chikubisa kuti taphwanya pangano la ngongole ya ku banki, kapena chokhudza bwana mwiniwake, odita wabwino sachilekerera ngakhale chili pansi pa mulingo. Apa ndi pamene amasiyana wodziwa ntchito ndi wongochonga mabokosi.

Chimene chinandiwawa n'chakuti malamulo omwewo, pa ISA 450, amamulamula odita kupereka kwa oyang'anira kampani mndandanda wa zolakwika zimene anapeza koma akuluakulu a ofesi sanakonze. Oyang'anirawo ndi ifeyo. Ndani wa ife anauonapo mndandanda umenewu? Ndinafunsa pa nthawi yovomereza malipoti apitawa, ndipo yankho linali lakuti ndi nkhani ya mu ofesi. Kalata imene odita amalemba yofotokoza zofooka za kasungidwe ka ndalama nayonso imathera mu kabati. Sindikuloza munthu chala, a Msungichuma, koma sitingapitirize kukweza manja pa chinthu chimene taona tsamba limodzi lokha.

Za kutsimikiza ndalama za ku banki, ndondomeko yake ndi yosavuta koma ndi pamene ambiri agwera. Odita amalemba kalata, kampani imangosaina kuloleza, kenako odita yekha ndiye amatumiza ku adiresi imene waifufuza yekha, ndipo yankho limabwera kwa iye mwachindunji. Kalatayo ifunse zonse: maakaunti otsegula ndi otsekedwa m'chakacho, ngongole, katundu amene tinaika chikole, ndi anthu amene tinawaimirira pa ngongole zawo. Ikangodutsa m'manja mwa wogwira ntchito pa kampani, umboni wafa. Parmalat ya ku Italy inagwa mu December 2003 Bank of America itanena kuti kalata yosonyeza mayuro 3.95 biliyoni inali yachinyengo. Wirecard ya ku Germany inagwa mu June 2020 zitadziwika kuti mayuro 1.9 biliyoni amene ankati ali m'mabanki awiri a ku Philippines kunalibeko. Makampani aakulu chotero anagwa pa pepala limodzi. Ifeyo sitetimenti imene timapatsa odita ndi yosindikizidwa mu ofesi mwathu momwe. Kodi amakatsimikiza yekha ku banki? Timufunse pamaso, ayankhe tikumva.

Kuwerenga katundu nakonso kuli ndi njira yake. Ngati katundu ndi wochuluka, odita ayenera kukhalapo tsiku lowerenga. Amatenga zinthu zingapo pa pepala n'kukazifuna pa shelefu, kuti agwire katundu wongolembedwa koma kulibe. Kenako amatenga zingapo pa shelefu n'kukazifuna pa pepala, kuti agwire wosalembedwa. Amatsegula makatoni a pansi ndi a kumbuyo, chifukwa opanda kanthu amabisidwa kumeneko. Amalembanso nambala ya chikalata chomaliza chotulutsira katundu ndi chomaliza cholandirira. Popanda manambala amenewa, malonda a sabata yoyamba ya chaka chatsopano amakokeredwa m'chaka chakale, phindu n'kufufuma. Kwathu kuno tinawerenga tokha, odita n'kulandira mapepala patapita milungu. Ena mumati tinapulumutsa ndalama ya mayendedwe ake. Ine ndikuti tinagula siginecha yopepuka.

Pa ngongole zimene anthu ali nazo kwa ife, odita amazisanja potengera nthawi imene zakhala zisanabwezedwe: masiku 30, 60, 90 ndi kupitirira. Kenako amaona ndalama zimene zinalowa chaka chitatha. Wangongole amene sanaponyeko kalikonse kwa miyezi yambiri sawerengedwa ngati chuma chonse chathunthu, ndipo kuti achotsepo zingati ndi nkhani ya kuweruza, yomwe akuluakulu a ofesi amakokera mbali yawo nthawi zonse.

Maganizo amene odita amasaina alipo anayi: oti zonse zili bwino, oti zili bwino kupatulapo chakuti, oti malipoti ndi osocheretsa, ndi oti sanapeze umboni wokwanira kuti anenepo kanthu. Amayeneranso kuona ngati kampani ingapirire miyezi 12 kuchokera tsiku lotsekera mabuku. Carillion ya ku Britain inalandira maganizo oti zonse zili bwino mu March 2017, mu July inalengeza kuti mapangano ake a zomangamanga ataya mapaundi 845 miliyoni, ndipo mu January 2018 inagwa. Ndalama zimenezo zinali m'manambala ongoyerekeza, a phindu la ntchito zosamalizidwa. Pamene pali kuyerekeza ndi pamene odita ayenera kuuma mutu, osangolemba zimene wauzidwa.

Pa mfundo zimene tinamanga kumsonkhanoko, yoyamba inali yoti amene amalemba mabuku a kampani asakhalenso wowaunika. Ndinavomera ndi manja awiri. Enron ya ku America itagwa mu 2001, Arthur Andersen, kampani ya maodita imene inkaiunika, inali ikulandira ndalama za uphungu kuwonjezera pa za oditi, ndipo lamulo la ku America la Sarbanes-Oxley la 2002 linaletsa maodita kulembera mabuku makampani a pa msika wa masheya amene akuwaunika. Ife sitili pa msika wa masheya, koma vuto ndi lomwelo: mabuku athu akasokonekera kumapeto kwa chaka, amene amatilongosolera ndi anthu omwewo odzasaina. Munthu sadzichongera yekha mayeso.

Yachiwiri sindinagwirizane nayo. Ena ankafuna kuti kampani ya maodita izisinthidwa zaka zitatu zilizonse. Chaka choyamba odita watsopano amakhala akuphunzira bizinesi, ndipo ndi nthawi imene n'kosavuta kumupusitsa. Malamulo a makhalidwe a ntchitoyi amati pa makampani okhudza anthu ambiri, monga a pa msika wa masheya, mkulu wosaina asinthidwe pakatha zaka 7, ndipo ku European Union kampani yonse ya maodita imasinthidwa pakatha zaka 10 pokhapokha ataloledwa kuwonjezera. Kusintha wosaina kukutikwanira. Chimene tiyenera kusiya ndi chizolowezi chosankha wotchipa koposa. Mtengo wa oditi ndi maola a anthu. Tikaudula pakati, adzadula ulendo wodzawerenga katundu ndi makalata a ku banki, n'kutitumizira ophunzira ntchito okhaokha.

Choncho ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tiike pa ajenda zinthu izi. Odita abwere asanayambe ntchito, atiuze mulingo umene wasankha ndi chifukwa chake. Akamaliza tikumane naye patokha, a mu ofesi atatuluka, ngakhale kwa theka la ola. Makalata a zofooka a zaka ziwiri zapitazi atuluke mu kabati, aliyense alandire kope lake sabata imodzi tsiku lisanafike, ndipo pa chofooka chilichonse palembedwe dzina la wokonza ndi tsiku lomalizira. Ntchito yolongosola mabuku ipite kwa akauntanti wina. Mapepala onse amene tinalandira kumsonkhano ndawasiya kwa a Mlembi, ndipo gawo la kutsimikiza ndalama za ku banki ndaika chizindikiro kuti a Msungichuma ayambire pamenepo.