Dimba la kuseri kwa nyumba limvane ndi khitchini

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya kukwera mtengo kwa zakudya, imene yafika povutitsa pafupifupi khomo lililonse. Olangiza ambiri amangoti "limani dimba kuseri kwa nyumba" n'kuthera pomwepo, ngati kuti munthu akangotipula bedi limodzi ndiye kuti ndalama yapulumuka. Ine ndine mayi wapantchito, ndimaphikira banja la ana asukulu, ndipo malo amene ndimalimapo ndi kachigawo kopapatiza pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda. Zimene ndaona pa kamalo kameneko n'zakuti ndalama imayamba kutsala pamene dimba ndi khitchini zikumvana, wolima akubzala zimene wophika amagula kawirikawiri, nayenso wophika akuteleka zimene zakhwima m'dimbamo. Ziwirizi zikapanda kumvana, dimba limasanduka ntchito yowonjezera imene imadyanso ndalama.

Vuto la kukwera mtengo kwa zakudya si la lero. Mu 1857 katswiri wa ziwerengero wa ku Germany, Ernst Engel, ataunika mmene mabanja a anthu apantchito a ku Belgium ankagwiritsira ntchito malipiro awo, anapeza kuti banja likamapeza zochepa, gawo la ndalama lopita ku chakudya limakula. Nchifukwa chake mitengo ikakwera, wolemera amangodandaula pakamwa, pamene wosauka amachepetsa m'mbale. Mu March 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, muyeso wa mitengo ya zakudya padziko lonse wa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, unakwera kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire 1990. Mayi wapakhomo alibe mphamvu pa nkhondo kapena pa mtengo wa tirigu ndi mafuta ophikira. Mphamvu zake zili pa zimene zimalowa ndi kutuluka m'khitchini mwake, ndipo pamenepo pali mpata waukulu kuposa mmene ambiri timaganizira.

Zogula zikuluzikulu za kumapeto kwa mwezi aliyense amaziona, ndipo banja limakambirana lisanagule. Zimene zimadutsa mosaoneka ndi zing'onozing'ono: tomato atatu lero, anyezi mawa, masamba mkuja, adyo, tsabola, ndi kenakake kamene mwana wotumidwa wawonjezerapo panjira. Palibe amene amakhala pansi kuziwerengera, chonsecho kugula pang'onopang'ono kumakwera mtengo pa kilogalamu kuposa kugula zambiri nthawi imodzi. Ndikupempha owerenga anzanga kuti asanagwire khasu atenge kope ndi cholembera, alembe chakudya chilichonse chimene agula kwa mwezi wathunthu, ngakhale kachinthu kochepa bwanji. Mwezi ukatha aone mayina amene akubwerezabwereza m'kopemo. Zimenezo ndizo zoyenera kubzala. Kwathu kope linatchula tomato, anyezi ndi ndiwo zamasamba mwakuti panalibenso chokambirana.

Apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amafuna kubzala chilichonse. Malo akakhala ochepa, mbewu yoyenera ndi imene imaonongeka msanga ikagulidwa, imafunika tsiku ndi tsiku, ndiponso imathyoledwa mobwerezabwereza. Sipinachi mukathyola masamba akunja n'kusiya mtima, amaphukanso, ndipo bedi limodzi limakudyetsani kwa milungu yambiri. Kabichi amakhala m'munda pafupifupi miyezi itatu, amatenga malo aakulu, ndipo mukadula mutu umodziwo nkhani yatha. Anyezi wamasamba ndiye wosavuta n'komwe: kachidutswa ka kumizu kamene timataya podula, mukakazika m'dothi lonyowa, pakangopita masiku ochepa kamatulutsa masamba atsopano. Zouma zosungika nthawi yaitali monga mpunga ndi nyemba ndi bwino kugula zambiri pamene mtengo watsika, kusiyana ndi kuzipatsa malo amene akanabala ndiwo zatsiku ndi tsiku.

Chinanso, musafese paketi yonse ya mbewu tsiku limodzi. Zonse zidzakhwimira pamodzi, mudzadya mpaka kutopa nazo, zina zidzaola, kenako mudzabwerera kukagula. Ine ndimafesa pang'ono pa nazale milungu iwiri kapena itatu iliyonse, kuti pamene bedi lina likukalamba, mbande zina zikhale zafika powokera.

Dimba likhoza kudya ndalama zambiri kuposa zimene likupulumutsa. Munthu akagula dothi la m'matumba, miphika yokongola, feteleza, mankhwala opopera ndi mbewu zodula, tomato wake amatuluka wokwera mtengo kuposa wogula. Chakudya cha nthaka chili kale m'khitchini. Makoko a mbatatesi, zotsalira za masamba, zikhokhombe za mazira zophwanya, masamba a tiyi, zonsezi ndimaponya pa mulu wa kompositi pakona ya mpanda, n'kumaphimba ndi masamba ouma a mitengo kapena udzu wouma. Zaziwisi zimabweretsa nayitirojeni, chakudya chokulitsa mbewu, zouma zimathandiza kuti mpweya uzilowa. Muluwo uzikhala wachinyontho koma osati wonyowa chonyowa, ndipo muziutembenuza ndi fosholo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Mukapisa dzanja mkati n'kumva kutentha, dziwani kuti ntchito ikuyenda. Ukayamba kununkha, ndiye kuti madzi achuluka kapena zouma zachepa. Nyama, mafupa ndi zamafuta musaponyepo, zimaitana makoswe. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumapeza manyowa akuda, ofewa, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango.

Pa mbewu pali chinthu chimene ogulitsa safotokoza nthawi zambiri. Paketi yolembedwa F1 ndi ya haibulidi: imabereka bwino ulendo woyamba, koma njere zake mukazisunga n'kubzalanso, zotuluka sizifanana ndi kholo lake. Wofuna kusunga mbewu yake agule yosakhala haibulidi, asankhe chipatso chakupsa bwino cha pa mtengo wathanzi, achotse njere, atsuke, aumitse pamthunzi n'kusunga m'botolo louma lotseka bwino.

Madzi nawo ndi ndalama. Kuphimbira bedi ndi udzu wouma kumasunga chinyontho ndipo kumaletsa udzu wosafunika kumera. Kuthirira m'mawa kapena madzulo, pansi pa tsinde osati pa masamba, kumachepetsa madzi otayika komanso matenda a tomato. Madzi otsukira mpunga ndi masamba kwathu satayidwa, amapita mu ndowa imene imakhala pakhomo la khitchini. A mafuta ambiri kapena a mankhwala oyeretsera zovala okha ndiwo sindithira pa mbewu. Bedi likhale pamalo pamene dzuwa limawomba maola osachepera 6 pa tsiku, makamaka la tomato ndi tsabola. Ndipo musabzale tomato pamene mwangochotsa mbatatesi, mabiringanya kapena tsabola, chifukwa zonsezi ndi za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda kudzera m'nthaka. Pamenepo ikanipo nyemba. Tsiku lina mudzazule tsinde limodzi la nyemba muone mizu yake: mudzapeza timibulu ting'onoting'ono, ndipo mukaphwanya kamodzi ndi chikhadabo mkati mwake mudzakhala mofiirira. Mmenemo mumakhala tizilombo tabwino timene timatenga nayitirojeni mu mpweya. Mukakolola, dulani tsinde n'kusiya mizu m'dothi.

Alipo amene amaderera timadimba totere, amati n'zoseweretsa. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anthu a ku America analima timadimba pafupifupi 20 miliyoni kuseri kwa nyumba, m'masukulu ndi pa malo opanda ntchito, ndipo timadimbato tinkatulutsa pafupifupi 40 peresenti ya ndiwo zamasamba zaziwisi za dziko lonselo. Ku Havana, likulu la dziko la Cuba, dziko la Soviet Union litagwa mu 1991 n'kusiya Cuba yopanda feteleza ndi mafuta okwanira, anthu anayamba kulima ndiwo mkati mwa mzinda pa mabedi okweza odzaza ndi manyowa. Amene ali pa nyumba ya lendi yopanda dothi asataye mtima: thumba, ndowa yothyoka kapena beseni lakale, mukaboola pansi kuti madzi azituluka, limakwana sipinachi, tsabola ndi anyezi, ndipo posamuka mumanyamula.

Tsopano ku khitchini, kumene ndikuona kuti ndalama yambiri imapulumukira kapena kutayikira. Nyemba zouma ndi chakudya chomanga thupi chotsika mtengo kuposa nyama, koma ambiri amazithawa chifukwa zimadya moto. Mukaziviika usiku wonse, nthawi yophika imachepa kwambiri. M'mawa tayani madziwo, thirani atsopano, ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Zimenezi si zodumpha, makamaka pa nyemba zofiira, chifukwa zili ndi poizoni wachilengedwe amene amatha ndi kuwira kwenikweni. Zikawira kwa kanthawi kowonjezera, ndimaphula poto ali chivundikirire, n'kumukulunga m'bulangete lakale, n'kumuika m'dengu kapena m'katoni, pamwamba n'kutsekapo ndi pilo. Potoyo amapitiriza kuphika yekha ndi kutentha kwake komwe. Pakapita maola angapo, mukavundukula nthunzi imakuwombani kumaso, nyemba zili zofewa zofinyika ndi chala, popanda moto wina woyaka. Mpunga umapsanso chimodzimodzi. Kaya mumaphikira magetsi, gasi, makala kapena nkhuni, chivundikiro pa poto ndi kuchepetsa moto madzi akawira ndi zinthu zosalira ndalama zimene zimaoneka pa bajeti ya mwezi.

Nyama sindinaisiye, koma imalowa mu poto kudzakometsa, masamba ndi nyemba n'kukhala zochuluka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba pa tsiku. Kwa banja logula chilichonse, muyeso umenewu ndi wovuta kuufika, ndipo masamba ndiwo amayamba kuchotsedwa ndalama ikachepa. Kwa banja lothyola kuseri kwa nyumba, masamba ndiwo amadzaza mbale.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakudya chotayidwa. Lipoti la 2024 la UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, linaonetsa kuti mu 2022 dziko lapansi linataya chakudya chokwana matani 1.05 biliyoni, ndipo 60 peresenti ya chimenecho chinatayidwa m'makomo, pafupifupi makilogalamu 79 pa munthu aliyense pa chaka. Lipotilo linanenanso kuti vutoli si la mayiko olemera okha. Chakudya chimenechi chinagulidwa, chinanyamulidwa, china chinaphikidwa ndi moto wogula. Zambiri zimaonongeka chifukwa chosunga molakwika. Mbatatesi isungidwe pamdima, pozizira, kutali ndi anyezi. Ikaona kuwala imabiriwira, ndipo gawo lobiriwiralo lili ndi poizoni, liyenera kusendedwa mozama kapena kutayidwa. Nthochi zakupsa zimatulutsa mpweya umene umapsetsa zipatso zoyandikana nazo, choncho ndi zothandiza mukafuna kupsetsa tomato wamuwisi, koma ndi zoononga mukaziunjika ndi tomato wakupsa kale. Chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2, ndipo potenthetsa chitenthe mpaka mkati, kufika madigiri 70 Celsius. Mpunga wotsala ndiye wofunika kusamala kwambiri, uzizire msanga n'kulowa mu firiji. Amene alibe firiji ayeze pophika, kapu yomweyo tsiku lililonse, mpaka adziwe mlingo umene banja lake limamaliza.

Dimba likabereka mopitirira, ntchito ya wophika imakula. Tomato wochuluka ndimamuphika mpaka madzi ataphwa n'kutsala phala lolimba, lina ndimadula n'kuyanika padzuwa. Masamba ndimawaviika m'madzi owira kwa mphindi zochepa, n'kuwayanika mpaka ataumiratu. Zotsala ndimasinthana ndi mnzanga woyandikana naye nyumba amene amaweta nkhuku: iye amatenga masamba, ine mazira ndi zitosi za pa kompositi.

Pali mfundo imodzi imene olangiza amaizemba, ndipo ndikufuna abambo amene akuwerenga kalatayi aimve. Kuphika pakhomo ndi kulima dimba zimafuna nthawi ndi msana, ndipo m'makomo ambiri zonsezi zimagwera mayi, amenenso waweruka kuntchito atatopa ngati wina aliyense. Banja limene likuyembekeza kuti mayi yekha aviike nyemba, athirire, apalire, aphike, atsuke mbale, lisadabwe akayamba kugula zophikaphika panjira. Kwathu kuthirira ndi ntchito ya anyamata asanapite kusukulu, kutembenuza kompositi ndi kukonza mabedi ndi ya bambo awo, ndipo mwana aliyense wamkulu ali ndi tsiku lake la pa moto. Mnyamata amene amadziwa kuphika nyemba sadzathera malipiro ake oyamba m'malo odyera.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti mutipatse danga lokhazikika m'nyuzipepala yanu, ngakhale theka la tsamba sabata iliyonse, pamene alangizi a zaulimi ndi a kadyedwe azitiuza zoyenera kufesa mwezi umenewo, mmene tingathanirane ndi nsabwe za m'masamba popanda kuthamangira mankhwala, ndi kaphikidwe ka zakudya zosalira zambiri. Owerenga nawonso azitumiza mafunso awo. Langa loyamba ndi ili: tomato wanga wa m'matumba amada kumunsi asanapse, ndipo ndikufuna mlangizi andiuze mmene ndingathiririre mofanana pa masiku amene ndimachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi wa kadimba ka kuseri kwa nyumba