Chemwali, usasaine kaye za ku Mauritius zija

Chemwali wanga,

Voice note yako ndaimvera katatu, koyamba ndili mu taxi yochokera ku Randburg, ndinayamba kuyankha pompo koma ndinaona kuti nkhani iyi siyotayipa ndi chala chimodzi anthu akukupanikiza uku ndi uku, nde ndadikira ana agone. Kuno ku Joni tili bwino, kuzizira kokha nkumene kwatipana, Julayi wa Johannesburg ukumudziwa. Ndiye akuti akugulitsa timeshare ya ku Mauritius, ija yogula wiki yako ya holide chaka ndi chaka pa hotela, ndipo akupatsa mpaka Lachisanu kuti usaine eti? Usasaine kaye, chonde.

Ife tili nayo, zithunzi zija unkaziona pa Facebook, koma zithunzi sizionetsa levi, ndalama yomwe timalipira chaka ndi chaka yosamalira malowo. Inali 2018, tikugula zinthu pa mall ina, kamtsikana kaulemu kanatipatsa kakhadi kokanda nkuti mwawina holide, mungobwera Loweruka ndi bambo akunyumba mudzamvere kwa ola limodzi ndi theka. Tinakhalamo maola anayi. Tiyi, mabisiketi, vidiyo ya mchenga woyera, kenako bambo wina ndi kakyuleta yake kutiwerengera ndalama zomwe tidzawononge m'mahotela pa zaka 20, ati mtengo uwu ndi wa lero lokha, mukatuluka pakhomopo watha. Tinasaina titatopa. Lamulo la kuno la Consumer Protection Act la 2008 limapereka masiku asanu ogwira ntchito oti ubweze chinthu chomwe achita kukutsata nacho chonchi, ife tinadzaliwerenga patatha mwezi. Disembala wa chaka chomwecho National Consumer Commission, bungwe la boma la kuno loteteza ogula, inatulutsa lipoti la kafukufuku wake pa ma timeshare, madandaulo omwe anali mmenemo, makontirakiti osatha, kusowa malo ukafuna kubukitsa, ndinkangoona ngati akunena za mnyumba mwathu.

Sindikunamiza, malowo ndi okongola zedi. Tinapita 2019, maola anayi basi kuchokera pa eyapoti ya OR Tambo, tinakhala cha ku gombe la Flic en Flac, madzi ake mbee kuona zala zakumapazi, ana osafuna kutulukamo mpaka milomo kuuma ndi mchere. Minda ya nzimbe mseu wonse ngati uli ku Nchalo, magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, pa msika wa ku Port Louis tinadya dholl puri wotentha wa ma rupee ochepa chabe. Tsiku lomwe silindichoka mumtima ndi lomwe tinapita ku phiri la Le Morne, komwe akapolo othawa ankabisala, ambiri mwa akapolo a pachilumbapo anachita kutengedwa ku Mozambique ndi ku Madagascar, ndinaima pansi pa thanthwelo nkumaganiza kuti mwina ena anali a mbali zakwathu konkuno, misozi inangotsika yokha. Mwana wamkulu mpaka pano amaikamba. Nde ndikamati usasaine sikuti ndikunyoza chilumbacho ayi, pita ndithu, ukachione.

Vuto ndi chomwe ukugulacho. Si nyumba, si poloti, palibe mpanda woti udzaloze kuti apa mpanga. Chipinda chimodzi amachigulitsa kwa mabanja pafupifupi 50, aliyense wiki yake pa chaka. Ena amagula wiki yokhazikika, ena yoyendayenda, ife anatipatsa ya mapointi ati ndi yabwino chifukwa mumasankha nokha nthawi. Kusankha kwake kuti? Tonse tikufuna Disembala ana akatsekera, ndipo Disembala amadya mapointi ambiri komanso amakhala atadzadza kalekale, chomwe chimatsala ndi Febuluwale, ana ali ku sukulu, komanso ndi nyengo ya namondwe kumeneko. Freddy uja asanadzatiphere abale ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023 anadutsa kaye kumpoto kwa Mauritius, ndipo Januwale 2024 Belal anasefukiritsa Port Louis magalimoto kumayandama mu mseu. Denga likasasuka kapena akafuna kukonzanso zipinda, bilu yake imabwera kwa eni mawiki, amaitcha special levy, pamwamba pa ya chaka ndi chaka ija.

Levi imeneyi ndi yomwe ndikufuna uimvetse bwinobwino mzanga. Upite usapite, umalipira. Mauritius inatseka malire mu Malichi 2020 nkudzatsegula kwathunthu pa 1 Okutobala 2021, zaka ziwiri zimenezo sitinaponde ngakhale pa eyapoti koma invoisi inkabwera osaphonya, ati udzu ukutchetchedwabe, alonda akulipidwabe. Zoona alonda ayenera kulipidwa, sindikukana, koma palibe anatiuza pa tebulo lija kuti tikusainira ngongole ya chaka ndi chaka yomwe imangokwera. Yathu pano yatsala pang'ono kufika kawiri pomwe inayambira. Ndipo imabwera Januwale, mwezi womwewo wa fizi ndi mayunifolomu, mwezi womwe mayi ku Zomba akudikira ya feteleza wobereketsa. Chaka chathachi ndinakhala ndi foni mmanja, uku invoisi uku Mukuru, ndinalipira levi poopa kuti andiipitsira dzina ku credit bureau komwe amasunga mbiri ya angongole, mayi ndinawatumizira mochedwa ndi masabata atatu chimanga chitayamba kale chikasu. Sanadandaule, anangoti zikomo mwanangu, ndipo zimenezo nzomwe zinandipweteka kwambiri.

Onjezapo matikiti a ndege a anthu anayi, chakudya, galimoto yobwereka, zonsezo sizili mu timeshare. Iweyo ukuchokera ku Leeds, ulendo wake ndi wa usiku wonse mu ndege, udzakwanitsa chaka chilichonse pomwe ukufunanso kumapita kumudzi kukaona adadi? Adzakuuza kuti ukhoza kusinthanitsa wiki yako ndi malo ena kudzera ku makampani ngati RCI, nzoona zimatheka, koma pali ya umembala komanso ya kusinthako, ndipo wiki ya nthawi yomwe anthu saifuna siikugulira malo abwino.

Kutulukamo nde nkhani ina. Tayesa kugulitsa kawiri, ngakhale pa theka la mtengo palibe anaimba, kupatula anthu ena oti tili naye kale wogula mungotumiza kaye ya mapepala, amenewo ukawamva ungodula foni, ndi akuba. Kontirakiti yathu ilibe chaka chothera, ndipo bambo akunyumba atafunsa kuti nanga tikamwalira, anayankhidwa kuti imalowa mu chuma cha masiye. Tangoganiza, ana anga kudzalandira invoisi.

Nde pepala lakolo lisanakhudze cholembera, afunse kuti likutha chaka chanji, levi ndi zingati ndipo zaka zisanu zapitazi inkakwera bwanji, akuonetse zolembedwa osati zapakamwa. Afunsenso kuti ukulipira mu mapaundi, ma euro kapena ma rupee, ndipo mukasemphana mlandu ukaweruzidwa dziko liti, chifukwa kampani ikhoza kukhala kwina, hotela kwina, iwe kwina. Kwanuko ku UK lamulo ndi lolimbako kuposa kuno, limapereka masiku 14 oti usinthe maganizo ndipo saloledwa kulandira depoziti masiku amenewo asanathe, nde ngati akukuumiriza kuti upereke kangachepe kogwirira malo pofika Lachisanu, pamenepo pokha dziwa kuti pali chinachake. Ngati mtima uli pa Mauritius, bukitsa wiki imodzi ngati mlendo wamba, eni mawiki ambiri amabwereketsa awo pa mtengo wa levi yokha kuti angopepukidwa, ngakhale mapointi athu a chaka chamawa ndikhoza kukupatsa ukayese.

Jambula masamba onse unditumizire pa WhatsApp, ndi timalemba ting'onoting'ono takumapeto tomwe, Lamulungu ndikaweruka ku tchalitchi ndikuimbira tiwerenge limodzi. Ndipo za Disembala uja tinkanena, ine ndikadali pomwepo, tikumane ku Nkhata Bay tikwere Ilala mpaka ku Likoma, ana ako akaone tchalitchi cha St Peter's ndi kudya chambo chenicheni. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mzako wa ku Joni.